KUGULA MAKINA AKALE OPINDIRA CITSULO

Nkhani yanga ya madzulo ano ndi ya amuna aja amene ali ndi galimoto yakale kuseri kwa nyumba, yokhazikidwa pa njerwa, imene alikuti tsiku lina idzayendanso pa mseu. Ndiponso ndi ya amai a m'nyumba zomwezo, pakuti ndalama zimene mwamuna afuna kugulira makina ndi zomwe zija zikadalipirira ana ku sukulu. Ena a inu mwagwira nchito pansi pa mgodi zaka 20 kapena 30, ndipo tsopano mwalandira ndalama zanu zopumira. Ndalama zotere zimadza kamodzi kokha. Cifukwa cace cherani khutu, kuti musadzazitaye pa makina amene anafa kale.

Mdani wamkulu wa galimoto yakale ndiye dzimbiri. Injini ikatopa, mmisiri angathe kuimasula ndi kuikamo zitsulo zina. Koma dzimbiri limadya thupi leni-leni la galimoto. Matope a m'dzinja amakanirira m'makona, madzi nakhala m'menemo miyezi yambiri, ndipo tsiku lina mudzaona mseu ulikuthamanga pansi pa mapazi anu. Malo amene amayamba kuboka ndi awa: pansi popondapo mapazi, ciundo ca citseko, m'munsi mwa zitseko, pokhala batire, ndi pansi pa ngolo ya kumbuyo yonyamulira katundu.

Tsono magalimoto amene ambiri a inu mulikuwasunga analeka kupangidwa kale. Morris Minor inapangidwa kuyambira 1948 kufikira 1971. Peugeot 404 inayamba kuoneka m'caka ca 1960. Land Cruiser ija ya mphuno yaifupi, ya mtundu wa 40, inapangidwa kuyambira 1960 kufikira 1984. Zigawo zatsopano za matupi a magalimoto otere sizipezeka wamba m'masitolo athu, ndipo mukaitanitsa kunja, mtengo wonyamulira wokha udzakulemetsani. Njira yotsala ndiyo kudula pamene paola, kupinda cigamba ca citsulo catsopano, ndi kuciwocherera pamalopo.

Kodi n'cifukwa ninji cigamba cifunika kupindidwa? Tengani pepala la kalata, muligwire ku nsonga imodzi. Lidzalendewera pansi. Tsopano lipindeni pakati, kucokera uku kufikira uko, muligwirenso. Mudzaona kuti laima lokha. Citsulo ca galimoto ciri cimodzi-modzi. Ndi copyapyala kwambiri, ndipo mphamvu yace iri m'mipindo. Mpindo ukakhota, cigamba sicikhala bwino, citseko sicitsekeka, ndipo madzi amalowanso pomwe mwangokonza kumene. Ici ndico cifukwa munthu wokonza magalimoto pa nyumba amalakalaka makina opindira.

Makina amene ndirikunena ndi a manja, osafuna magetsi. Mapangidwe ace ali ngati kamwa. Pali nsagwada ya pansi pamene citsulo cimagona, pali nsagwada ya pamwamba imene imatsika ndi kuciluma, ndipo kutsogolo kuli mlomo wolemera, womangidwa pa mahinji awiri, umene inu mumaukweza ndi mipini yace. Mlomowo pokwera umakankha citsulo cotsala kunja, ndipo cimapindika motsata mphepete ya nsagwada ya pamwamba. Sungani mau awa: cimene mulikugula ndi mphepete imeneyo pamodzi ndi mahinji. Zina zonse, monga miyendo ndi utoto, ndi zothandizira cabe.

Mitundu yace ndi iwiri. Woyamba uli ndi nsagwada ya pamwamba yathunthu. Umenewu umakondedwa ndi amisiri opanga ngalande za madzi a pa denga, koma umangopinda mzere umodzi wautali. Waciwiri nsagwada yace ndi ya zidutswa zocotseka, zina zazikulu, zina zazing'ono, zimene pa Cingerezi amazicha fingers, ndiko kuti zala. Ndi makina a zala mungathe kupinda mbali zonse zinai za citsulo kuti cikhale ngati bokosi, pakuti mumacotsa zala zimene zikadagunda mbali zopindidwa kale. Pokhala batire ndi zigamba zambiri za pansi zimafuna mipindo yotere. Motero kwa munthu wa magalimoto makina a zala ndiwo oyenera, ngakhale mtengo wace uli wokwererapo.

Musanapite kukafuna makina, yambani mwafunsa galimoto yanu. Gwadani pansi ndi tepi yoyezera, muyese cigamba cacitali koposa cimene mudzafuna, muyesenso kucindikala kwa citsulo cace. Matupi a magalimoto ambiri ndi a citsulo capakati pa mamilimita 0.8 ndi 1.2. Amisiri akale amawerenga ndi geji, ndipo geji imayenda cambuyo: nambala ikakula, citsulo cimacepa. Geji 20 ndi pafupi-fupi mamilimita 0.9, geji 18 ndi 1.2, ndipo geji 16 ndi 1.6. Zitsulo zatsopano amazigulitsa kawiri-kawiri pa msinkhu wa mapazi 8 m'litali ndi mapazi 4 m'lifupi, ndiko kuti mamita 2.4 ndi 1.2. Tsono makina a mapazi 4, olembedwa kuti apinda geji 16, akwanira nchito zambiri za pa nyumba. Cigamba coposa pamenepo mungathe kucipanga pawiri ndi kucilumikiza.

Nambala ija yolembedwa pa kacitsulo ka pa makina si yokometsera iai. Imanena malire a mphamvu yace pa citsulo cofewa. Pano pali cinthu cimene ambiri sacidziwa. Citsulo cikacindikala kawiri, mphamvu yofunika kuti cipindike siikula kawiri, koma kanai. Makina opangidwira mamilimita 1.6, munthu akalowetsamo puleti ya mamilimita 3, alikuwasenzetsa katundu woposa katatu pa mphamvu yace. Mlomo ukakana kukwera, iye amatenga paipi yaitali, naiika pa mpini, naitana anzace awiri kuti athandizane. Puleti imapindika ndithu, ndipo onse amasekera. Koma tsiku lomwelo nsagwada yakhota pakati, ndipo kucokera pamenepo citsulo ciri conse colowa m'makinawo cidzaturuka cokhota. Kukhota kumeneku ndi kwakung'ono, kosaoneka ndi maso, koma kuongola kwace ndi kobvuta ndiponso kodya ndalama. Makina ambiri amagulitsidwa mochipa cifukwa ca tsiku limodzi lotere.

Cifukwa cace popita kukaona makina musapite cimanja-manja. Tengani zinthu izi: cingwe copyapyala colimba, sikweya, tochi, timapepala titatu, nsalu, palafini pang'ono, coko ca ku sukulu, ndiponso citsulo canu-canu, ca geji yomwe mudzagwiritsa nchito, cotalika monga m'lifupi mwa makinawo. Pitani masana dzuwa liri pamutu, ndipo ngati muli ndi mnzanu amene anagwirapo nchito ya zitsulo ku mgodi kapena ku njanji, mutengeni. Safunsa anadya phula.

Mukafika, musayambe ndi kufunsa mtengo. Yambani ndi mipini. Mpini wokhota, kapena wokhala ndi zipsera za paipi, ulikukuuzani mbiri yonse imene ndanena ija. Pambuyo pace yendetsani cala pa mphepete ya nsagwada ya pamwamba ndi ya mlomo. Mukamva timaenje, dziwani kuti wina anapindirapo waya kapena citsulo cobulungira ca makonde. Kaenje kali konse kadzasiya cipsera pa cigamba ciri conse cimene mudzapinda. Kakang'ono mungathe kukasalaza ndi tupa. Akakhala ambiri, mphepete yatha. Kenaka kokani cingwe canu kucokera ku nsonga ina kufikira ku inzace, muunike ndi tochi, muone ngati mphepete ilikutsata cingwe ponse-ponse kapena yacisiya pakati.

Caciwiri, yesani kuluma kwace. Ikani kapepala kamodzi kumanzere, kena pakati, kena kumanja, mutsitse nsagwada, ndipo mukoke kamodzi-kamodzi. Tonse titatu tiyenera kugwidwa mofanana. Ka pakati kakasololoka pamene tinzace tagwidwa, ndiye kuti nsagwada yakhota, ndipo citsulo cidzaterereka pa nthawi yopinda.

Cacitatu, gwirani mlomo, muukweze pang'ono, ndipo muugwedeze m'mwamba ndi pansi. Suyenera kuseweza pa mahinji ace. Zikhomo za m'mahinji zikadyeka, mmisiri wa makina osemera zitsulo angathe kupanga zina pa mtengo wosaopsa. Koma mabowo eni ace akakula nakhala ngati dzira, nchito yace ndi yaikulu, ndipo muyenera kuicotsera pa mtengo.

Cacinai, funani ming'alu. Mbali za makina ambiri akale ndi za citsulo cosungunula cothiridwa m'cikombole. Citsulo cotere sicipindika, cimangosweka, ndipo kuciwocherera kuti cigwirenso monga kale ndi nchito ya mmisiri wodziwa. Amisiri akale a ku njanji anali ndi njira yao yopezera ming'alu yobisika. Pukutani girizi, pakani palafini pafupi ndi mahinji ndi m'makona, dikirani pang'ono, pukutani kuti paume, ndipo pakanipo coko. Ngati pali mng'alu, palafini wotsalira m'katimo adzaturuka najambula kamzere kakuda pa coko coyera. Cenjerani kwambiri ndi makina opakidwa utoto watsopano wonyezimira. Cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Makina akuda ndi girizi wakale amanena zoona kuposa makina ofiira ndi utoto wa dzulo.

Cacisanu, werengani zala. Ziikeni zonse pamzere, muone ngati zidzaza m'lifupi monse ndiponso ngati nsonga zace ziri zolingana. Zala za makina ena sizilowa pa makina a mtundu wina, ndipo ngati kampani imene inawapanga inatsekedwa kale, cala cosowa muyenera kukacisemetsa. Yesaninso mabauti osunthira nsagwada kutsogolo ndi kumbuyo. Ayenera kuzungulira, pakuti popinda mumabweza nsagwada m'mbuyo molingana ndi kucindikala kwa citsulo, kuti cipeze malo opindikira. Makina ena ali ndi ndodo yacitsulo kumbuyo, yokhala ndi nati yokungira nsagwada kuti iongoke pang'ono. Mukapeza natiyo itamangidwa kale mpaka mapeto, ndiye kuti mwini wace anayesa kale mankhwala onse.

Tsopano tafika pa mlandu weni-weni. Turutsani citsulo canu cija, mupemphe mwini makina kuti mucipinde. Musalole kuyesa ndi kacidutswa kakang'ono pa nsonga, pakuti ngakhale makina akufa amapinda bwino kacidutswa. Pindani m'lifupi monse kufikira ciime cilili. Mukamasula, citsulo cidzabwerera m'mbuyo pang'ono. Limenelo si bvuto, ndi khalidwe la citsulo, ndipo mmisiri amangopitiriza mpindo pang'ono kuti alingane nalo. Tsono tengani sikweya, muyese kumanzere, pakati ndi kumanja. Ponse patatu payenera kufanana. Pakati pakatsalira, makinawo ali ndi mimba. Nsonga imodzi ikapitirira inzace, kawiri-kawiri mabauti angathe kukonza zimenezo, ndipo muyese pomwepo, mwini wace alikuona. Wogulitsa akakana kuti muyese, nanena kuti alikufulumira kapena kuti wina alikudza ndi ndalama madzulo, mutsazikeni mwaulemu ndi kupita kwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ena adzakusonyezani makina akulu a magetsi, otsika ndi mphamvu ya mafuta, ocokera ku fakitale imene inatsekedwa, ndipo mtengo wace udzaoneka wocepa poyerekeza ndi ukulu wace. Musakopeke. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavolti 230, pamene makina ambiri otere amafuna a mavolti 400, aja amisiri amawacha three-phase, ndipo kuwakokera pa nyumba ndi ndalama zina zambiri. Kumbukiraninso caka ca 2024, pamene cilala cinaphwetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi nazima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Makina a manja amagwira nchito magetsi alipo kapena palibe. Ndiponso makina a mphamvu sadziwa kusiyanitsa citsulo ndi dzanja la munthu.

Makina akale mungawapeze pa okushoni ya makampani amene alikutseka, kwa ogulitsa zitsulo zakutha, kapena kwa amisiri a m'madera a mafakitale ku Ndola, ku Kitwe ndi ku Lusaka amene agula makina ena atsopano. Kuli konse kumene mugula, funsani kumene makinawo anacokera, ndipo mulembetse lisiti lokhala ndi dzina la wogulitsa, nambala ya citupa cace, nambala ya makina, tsiku ndi mtengo. Malamulo a dziko la Zambia amalanga munthu wolandira katundu amene iye adziwa, kapena ali ndi cifukwa coganizira, kuti ndi wakuba. Makina ofika usiku pa mtengo wa mbuzi angathe kukutayitsani makinawo, ndalama zanu, ndi nchito yanu yomwe.

Powerenga mtengo, musaiwale kunyamula. Makina a mapazi 4 kawiri-kawiri amaposa makilogalamu 100, ndipo ena amaposa kutali. Kulemera kwace kuli pamwamba, kotero amagwa msanga. Mangani mlomo ndi cingwe kuti usatseguke pa njira, ndipo musalole munthu kuima ku mbali imene angagwere. Mukafika nao, akhazikeni pa simenti yosalala ndi kuwamanga ndi mabauti pansi, m'shedi yosadontha. Pakani mafuta pa mphepete ndi m'mahinji. Mukamaliza nchito, tsitsani nsagwada ndi kukhoma citseko ca shedi, pakuti ana amakonda kusewera ndi mipini, ndipo cala ca mwana sicimera kawiri. Bvalani magolovesi pogwira zitsulo zodulidwa, cifukwa mphepete zace zimaceka ngati lumo.

Ndinenepo pang'ono za citsulo coyenera. Musapangire zigamba malata a pa denga. Ndi opyapyala kwambiri, ndipo ali ndi zinki pamwamba, imene powocherera imaturutsa utsi woyera wodwalitsa munthu ngati malungo. Gulani citsulo cofewa cosapakidwa kanthu, ca geji yofanana ndi ya galimoto yanu. Inu a Land Rover yakale, yendetsani maginito pa thupi lace musanagule kanthu. Kuyambira pa yoyamba ya 1948, thupi lace linali la aluminiyamu, pamene chasisi ndi cipupa ca pakati pa injini ndi woyendetsa ziri za citsulo. Maginito sagwira pa aluminiyamu. Aluminiyamu imang'aluka mukaipinda mpindo wakuthwa, cifukwa cace bwezani nsagwada m'mbuyo koposa, kuti mpindo ukhale wobulungira.

Dziwaninso zimene makinawa sangathe kucita. Amapinda mizere yoongoka yokha. Madigadi obulungira a Morris Minor ndi denga la galimoto zimafuna nyundo, citsa cosemedwa, ndi dzanja lophunzira zaka zambiri. Chasisi nayo ndi ya citsulo cocindikala, ndipo moyo wa anthu okwera umadalira pa iyo. Ikaola, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa, musaiyesere pa makina a pa nyumba.

Potsiriza, dzifunseni funso limene amai a m'nyumba adzakufunsani ndithu: kodi makinawa adzabweza liti ndalama zace? Ngati muli ndi galimoto imodzi yokha, yofuna zigamba khumi, mwina simufunika kugula konse. Jambulani zigambazo pa katoni, mupite nazo kwa mmisiri wa m'tauni amene ali ndi makina, mumlipire pa mpindo uli wonse. Tizigamba tating'ono mungathe kutipinda mwa kutipanikiza pakati pa zitsulo ziwiri za ngodya, zomangidwa pa vaisi, ndi kumenya pang'ono-pang'ono ndi nyundo ya mtengo. Koma ngati mulikuona kuti anansi adzabwera ndi magalimoto ao, ndiponso kuti pakati pa nchito za magalimoto mudzapanga mabokosi a zida, masutikesi acitsulo a ana a sukulu ndi ngalande za madzi, ndiye kuti makina adzadzilipira okha, ndipo ana anu adzaphunzirapo luso.

Makina a manja opangidwa bwino, amene sanakakamizidwepo, angathe kugwira nchito zaka zoposa za mwini wace, pakuti mulibe injini yakuti itope. Ukalamba wace si cifukwa cowakanira, ndipo utoto wace si cifukwa cowagulira. Mboni yokhulupirika ndi citsulo canu cimene mwapinda nokha, ndi sikweya imene mwayesa nokha patatu. Ndalama ziturutsidwe m'thumba mboni imeneyo italankhula.